Mafuta a Mabuleki a Galimoto Yakale: Nambala Yaikulu Isakunyengeni

Anthu amene timakonda kudzutsa magalimoto akale tili ndi matenda amodzi. Ndalama ndi nthawi yathu zimathera pa zooneka ndi maso: penti, mipando, magetsi, kachizindikiro ka mkango pamphuno pa Peugeot. Tsiku limene injini yalira koyamba timaitana anansi kuti adzamve. Koma mufunseni mwini galimoto kuti m'mabuleki mwathiridwa mafuta anji, yankho limakhala lakuti, "Amakaniko ndiwo akudziwa." Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto yonyezimira imene siima pamene mwaiuza kuti iime ndi bokosi la maliro loyenda pa mateyala.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa, ndipo ndiwanena poyambirira pomwe. Ngati mukukonza galimoto yakale kuti muziyenda nayo m'misewu ya kuno kwathu, kaya ndi Peugeot 404 kapena 504, Datsun 120Y, Land Rover yakale ija, Volkswagen Beetle kapena Morris Minor, ikani malabala atsopano m'mabuleki monse, thirani DOT 4, ndipo muziwasintha mafutawo zaka ziwiri zilizonse. DOT 5, amene anzathu ena okhala kunja amawatama kwambiri, asiyireni magalimoto a chionetsero. Ena akwiya nazo zimenezi, choncho ndiloleni ndifotokoze zifukwa zanga.

Tiyambe ndi zimene timaphunzitsa mu Physics. Mfalansa wina dzina lake Blaise Pascal adaonetsa m'zaka za m'ma 1600 kuti mukakankha madzi otsekeredwa m'chotengera, mphamvuyo imafalikira mofanana mbali zonse. Mabuleki a galimoto amagwira ntchito ndi lamulo lomweli. Phazi limakankha pedulo, pedulo imakankha pisitoni ya mu master cylinder, mafuta amatenga mphamvuyo kudzera m'mapaipi mpaka kumateyala onse anayi. Malcolm Loughead, amene dzina lake lidadzalembedwa kuti Lockheed, ndiye adatchukitsa njirayi, ndipo Duesenberg Model A ya 1921 inali m'gulu la magalimoto oyamba kugulitsidwa ali ndi mabuleki otere pa mateyala onse. Chinsinsi chake ndi chimodzi: madzi sapanikizika, koma mpweya ndi nthunzi zimapanikizika. Mwana wasukulu akatseka kukamwa kwa sirinji yodzaza madzi ndi chala, pisitoni siyenda. Akachita zomwezo ndi sirinji ya mpweya, pisitoni imalowa. M'mapaipi a mabuleki mukakhala nthunzi, pedulo imalowa mpaka pansi galimoto ikuthamangabe.

Nanga nthunzi imachokera kuti? Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Potsika mtsetse wautali, monga wa Chiweta, wa Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa, kapena wotsika phiri la Zomba, ma drum ndi ma disc amatentha kwambiri, ndipo kutenthako kumafika m'mafuta. Mafuta akawira, mabuleki atha. Choipa chake n'chakuti galimotoyo ikazizira pedulo imalimbanso, ndiye munthu amangoti zinali zamatsenga, n'kupitiriza ulendo.

N'chifukwa chake pabotolo pamalembedwa DOT. Zilembozi zikuimira Department of Transportation ya ku America, ndipo muyezo wake umanena kutentha kochepetsetsa kumene mafuta ayenera kupirira asanawire. Pali manambala awiri: la mafuta atsopano, ndi la mafuta amene amwa madzi okwana pafupifupi 3.7 peresenti. DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205 Celsius, ndipo atamwa madzi ndi 140. DOT 4 ndi 230 ndi 155. DOT 5 ndi DOT 5.1 onse awiri ndi 260 ndi 180. Taonani mmene nambala yachiwiriyo yatsikira. Madzi osakwana masupuni anayi pa masupuni 100 a mafuta akuchotsa madigiri 65 pa DOT 3 ndi 75 pa DOT 4. Nambala yofunika kwa ife ndi yachiwiriyi, chifukwa mafuta amene ali m'galimoto mwanu lero si atsopano.

Apa ndiye pamene anthu ambiri amasokonezekera. Munthu akaona 3, 4, 5 ndi 5.1 amaganiza kuti ndi makwerero, ngati Fomu 1 mpaka Fomu 4. Ngakhale wogulitsa zipangizo wina m'tauni adandiuza motsimikiza kuti 5 ndi mkulu wake wa 4, choncho ndingothira pamwamba pa amene alimo kale. Si choncho ayi. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a banja limodzi, opangidwa kuchokera ku glycol, ndipo amasakanikirana. DOT 5 ndi mlendo, wopangidwa kuchokera ku silicone, ndipo sasakanikirana ndi enawo. Mukawathira pamodzi amakhala mosiyana ngati madzi ndi mafuta ophikira, ndipo zinyalala zakale za m'mapaipi zimatha kugwirana n'kutseka timabowo tating'ono ta mu master cylinder. Amene adasankha dzina lakuti 5.1 adatilakwira, chifukwa likumveka ngati mng'ono wake wa 5 pamene pachibale ali kwa 4.

Palinso banja lachitatu, mafuta obiriwira otchedwa LHM, amene ndi mineral oil. Citroën idayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1966 pa magalimoto ake okhala ndi hydraulic, monga DS, ndipo Rolls-Royce nayo idatengera mafuta a mtundu umenewu pa Silver Spirit kuyambira 1980. Malabala a magalimoto amenewa adapangidwira mafuta amenewo basi. Mukathira DOT 4 mu Citroën yofuna LHM mwaononga malabala onse, ndipo mukathira LHM m'galimoto yofuna DOT malabala amatupa n'kufewa ngati mkate woviika mu tiyi. Musanamizidwe kuti popeza Peugeot ndi Citroën zonse ndi za ku France ndiye kuti zimamwa zofanana. Peugeot 404 ndi 504 zimafuna mafuta a glycol. Chimodzimodzi oyilo wa injini, mafuta a giyabokosi, palafini ndi dizilo, zonsezi ndi adani a malabala a mabuleki, ngakhale kadontho.

Tsono tibwere pa mkangano weniweni, wa DOT 4 ndi DOT 5. Otama DOT 5 ali ndi mfundo ziwiri, ndipo zonse ndi zoona. Yoyamba ndi yakuti mafuta a glycol amakoka chinyezi. Amachikoka kudzera pa kabowo ka mpweya ka pachitsekerero, komanso kudzera m'mapaipi a labala. Galimoto yakale imene imakhala miyezi yambiri ili chiimire, makamaka m'nyengo ya dzinja kapena m'mbali mwa nyanja monga ku Nkhata Bay ndi ku Mangochi, imadzala dzimbiri m'ma cylinder a kumateyala mwini wake osadziwa. Silicone sakoka chinyezi, n'chifukwa chake asilikali a ku America amamugwiritsa ntchito m'magalimoto awo ambiri amene amasungidwa nthawi yaitali. Mfundo yachiwiri ndi penti. Glycol akadonthera pa penti amaimatula. Munthu amene wawononga malipiro a miyezi itatu kupopetsa galimoto amamva kuwawa mumtima akaona penti yapansi pa master cylinder yatukusira. Silicone sachita zimenezo.

Ndikuvomereza zonsezi, komabe ndikuti ayi, pa zifukwa zinayi.

Choyamba, kusamwa madzi kuli ndi mbali yake yoipa. Madzi amalowabe m'mabuleki, kaya pochapa galimoto, powoloka mitsinje, kapena chinyezi chikasanduka mame m'kati mwa kathanki. Glycol amawameza madziwo n'kuwamwaza m'mafuta onse, choncho mphamvu ya mafuta imatsika pang'onopang'ono, ndipo mukasintha mafuta madzi amatuluka nawo. Mu silicone madzi amakhala paokha, amatsikira pamalo otsika kwambiri, ndipo malo amenewo nthawi zambiri ndi kumateyala, komwe kumatentha kwambiri. Dontho la madzi enieni limawira pa madigiri 100, ndipo limadya chitsulo pamalo amodzi pomwe lakhalapo. Nambala ya 260 yolembedwa pabotolo siliteteza dontho limenelo.

Chachiwiri, silicone amagwira timathovu ta mpweya ndipo amachedwa kutitulutsa. Amafuna kuthira mwaulemu, osagwedeza botolo, ndi kubulida modekha, nthawi zina kangapo. Komanso amapanikizika pang'ono kuposa glycol, ndiye pedulo imamveka yofewerapo. Pa galimoto ya ma drum kumateyala onse, monga Land Rover Series III kapena Beetle, pedulo imakhala kale ndi ulendo wautali, ndipo ine sindifuna china chilichonse choutalikitsa. Vuto la thovu lomweli ndi limene limachititsa kuti DOT 5 asaloledwe m'magalimoto a ABS. Ngakhale Harley-Davidson, imene idagwiritsa ntchito DOT 5 pa njinga zake kwa zaka zambiri, idasamukira ku DOT 4 m'zaka za m'ma 2000.

Chachitatu, kusamukira ku silicone si nkhani yongotsanula akale n'kuthira atsopano. Pamafunika kumasula zonse, kutsuka mapaipi, ndi kuika malabala atsopano amene sadalawepo glycol. Amene wangothamangitsa mafuta akale ndi atsopano amasiya matumba a glycol wonyowa m'makona a ma cylinder, ndipo amakhala ndi zoipa za mitundu yonse iwiri.

Chachinayi, ndipo kwa ine ichi ndicho chachikulu, ndi funso la kumene tikukhala. Tiyerekeze kuti paipi yayamba kudontha muli pa Jenda kapena pa Ntcheu, dzuwa likulowa. DOT 3 ndi DOT 4 mumupeza pa filling station kapena mu shopu ya zipangizo za galimoto. DOT 5 ndi wa mtengo wapatali, ndipo ambiri amene ali naye amachita kuitanitsa kwa achibale a ku Johannesburg kapena ku UK. Ngakhale mutayenda ndi botolo lanu, tsiku lina galimoto idzapita ku galaja inu muli m'kalasi kapena ku ofesi, ndipo mnyamata wa pagalajapo, mwa mtima wabwino, adzaona kuti mafuta atsika n'kuwonjezera amene ali nawo pa shelefu. Mnzathu wa ku Birmingham amene amatulutsa Morris Minor yake Lamlungu lokha, kukakhala dzuwa, ndipo sagwiritsa munthu wina sipanala, angathe kusunga mwambo wa silicone. Galimoto ya kuno imanyamula matumba a chimanga, imapita ku maliro kumudzi, imabwerekedwa ndi alamu. Mafuta oyenera ndi amene dziko lonse lozungulira galimotoyo likuwadziwa.

Ena adzati, nanga bwanji osangothira DOT 5.1, poti ndi wa banja la glycol ndipo nambala zake ndi zapamwamba? Salakwa, ndipo amene ali ndi ndalama athire. Koma ubwino wake wina waukulu ndi wakuti amakhalabe opyapyala kukazizira koopsa, ndipo muyezo wake amauyesa pa madigiri 40 kunsi kwa ziro. Ngakhale ku Dedza mu June sikufika pamenepo. Ndalama yowonjezerayo ndi bwino kugulira mapaipi a labala atsopano. Nanga DOT 3? Magalimoto ambiri a m'ma 1960 ndi 1970 adapangidwa nthawi imene mafuta a mulingo umenewu ndiwo anali ponseponse, ndipo amayenda nawo bwinobwino. Ndimasankha DOT 4 chifukwa cha madigiri 15 owonjezera aja pa mafuta onyowa. Pakati pa mtsetse wa Chiweta, madigiri 15 ndi ambiri.

Pali chenjezo limodzi lokhudza magalimoto akale kwambiri a ku Britain, a mabuleki a Girling ndi Lockheed. Malabala a nthawi imeneyo ena anali a labala wachilengedwe, ndipo mafuta oyambirira enieni anali osakaniza mafuta a nsatsi ndi mowa wa spiriti. Inde, nsatsi zomwezi zimene zimamera kuseri kwa nyumba. Malabala a masiku ano ambiri ndi a mtundu wa EPDM, umene umagwirizana bwino ndi DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1. Choncho mukapeza paketi ya malabala imene yakhala mu sitolo zaka 40, ngakhale ili yosatsegula ndipo yalembedwa dzina la kampani yeniyeni, isiyeni. Labala amakalamba ali m'paketi momwemo. Pa Peugeot 504 imene ndakhala ndikuidzutsa pang'onopang'ono pa tchuthi chilichonse, malabala ndi mapaipi ofewa a kumateyala ndi zimene ndidagula poyamba, penti isanaganiziridwe n'komwe. Mwayi wake zipangizo za 504 zimapezekabe, poti galimotoyi, imene idatuluka mu 1968, idapitiriza kupangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000.

Chifukwa china chimene ndikulimbikira nkhaniyi ndi kapangidwe ka magalimoto akalewa. Galimoto ya masiku ano ili ndi njira ziwiri za mafuta, kotero kuti ina ikaphulika inzake imagwirabe mateyala awiri. Magalimoto ambiri opangidwa chisanafike chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, monga Morris Minor ndi Land Rover Series II, ali ndi njira imodzi yokha. Labala mmodzi akang'ambika kuteyala limodzi, mabuleki a mateyala onse anayi apita nthawi yomweyo, ndipo chotsala ndi handibuleki ndi pemphero. M'galimoto yotere mulibe malo oyeserera.

Mwagula galimoto ndipo simukudziwa kuti m'kathanki muli chiyani? Safunsa adadya phula. Yambani ndi buku la galimotoyo ndi zolembedwa pachitsekerero. Kenaka onani mtundu: glycol watsopano ndi woyera kapena wachikasu pang'ono ngati uchi wosungunuka, DOT 5 ndi wapepo, LHM ndi wobiriwira. Koma mtundu umasintha ndi zaka, choncho chitani kafukufuku amene ngakhale mwana wa Fomu 1 angathe. Tengani mafuta pang'ono ndi sirinji yoyera, thirani m'kabotolo kagalasi, onjezani madzi ofanana nawo, gwedezani, dikirani. Akasakanikirana ndi madzi, ndi glycol. Akapatukana n'kupanga mizere iwiri, ndi silicone kapena mineral oil, ndipo musathiremo kanthu musanadziwe kuti ndi uti mwa awiriwa. Akakhala akuda ngati khofi, musavutike n'kufufuza zaka zake, atha ntchito.

Kusankha botolo loyenera ndi theka chabe la ntchito. Gulani botolo lomata bwino, la kampani yodziwika, osati mafuta opungulidwa m'botolo la zakumwa pamsika. Gulani mabotolo ang'onoang'ono, chifukwa botolo likatsegulidwa limayamba kumwa chinyezi tsiku lomwelo, ndipo lotsala la chaka chatha si loti n'kuthira m'mabuleki. Potsuka ma cylinder gwiritsani ntchito spiriti kapena mafuta a mabuleki omwewo, osati petulo kapena palafini monga timachitira ndi zitsulo za injini. Pobulida yambani ndi teyala lakutali kwambiri ndi master cylinder pokhapokha buku litanena zina, ndipo musalole kathanki kuuma. Ikani chidebe cha madzi pafupi, kuti mafuta akadonthera pa penti muthirepo madzi ambiri msanga, osapukuta ndi kansalu kouma. Imeneyi ndiyo yankho langa kwa odandaula za penti: chidebe cha madzi ndi chotchipa kuposa silicone. Ndipo lembani tsiku losinthira pa kapepala, mumate pafupi ndi kathanki. Zaka ziwiri zimatha msanga, ndipo mafuta amakalamba ngakhale galimoto isakuyenda.

Mafutawa ndi poizoni. Asungeni kutali ndi ana, m'botolo lake lomwe, ndipo akale musawatayire pafupi ndi chitsime kapena m'ngalande.

Sindingamalize osatchula mchitidwe umene tonse tidaumvapo m'madepoti, wothira madzi a sopo wa ufa m'mabuleki mafuta akatha. Amati pedulo imalimba, ndipo n'zoona, imalimba, chifukwa madzi nawo sapanikizika. Pascal sakana. Koma madzi amawira pa madigiri 100, ndipo pamalo okwera ngati pamwamba pa phiri la Zomba amawira asanafike n'komwe pamenepo. Amadyanso zitsulo m'kati. Woyendetsa amene wachita zimenezi wanyamula anthu pa mabuleki amene adzagwira pa malo athyathyathya pomwe safunika kwambiri, n'kumuthawa pa mtsetse pomwe moyo wa aliyense uli pa phazi lake. Pepala la COF lomata pagalasi silidziwa zimene zathiridwa m'kathanki dzulo.

Mafuta abwino sachotsa udindo wa woyendetsa. Galimoto yakale imatsika phiri ndi giya, yachiwiri kapena yachitatu, injini ikugwira liwiro, phazi likuponda ndi kusiya kuti ma drum apume. Kutsetsereka pa nyutulo pofuna kupulumutsa petulo ndi njira yachidule yowiritsira mafuta a mtundu uliwonse, ngakhale okwera mtengo chotani. Madalaivala akale a malole ankadziwa lamulo lakuti giya imene wakwerera phiri ndi yomwe utsikire, ndipo lamuloli silidakalambe.

Amene muli ndi galimoto ya chionetsero, yomangidwa mwatsopano kuyambira pa master cylinder mpaka paipi yomaliza, yogona m'galaja yotseka ndipo yogwiridwa ndi manja anu okha, thirani DOT 5 ngati mukufuna, mulembe ndi zilembo zikuluzikulu pachitsekerero kuti wina asadzawonjezere zina. Enafe amene magalimoto athu akale amagwirabe ntchito, tiyeni tigule malabala atsopano, botolo lomata la DOT 4, ndi kalendala. Pa ndalama zonse zimene timathira m'magalimoto amenewa, iyi ndi yochepetsetsa, ndipo ndi imene ana okhala pampando wakumbuyo akuidalira.

Muyende bwino, ndipo muime bwino.